Kupezera mabogi a anthu mutu woyenera: malangizo kwa osonkhanitsa timasitima

Funsoli limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wagula mabogi anayi okongola, ofiira kapena onyezimira ngati siliva, ndiye akufunsa kuti, "Ndigule mutu uti woti uzikoka amenewa?" Ndayankha mpaka pakamwa kuuma, choncho ndalemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Tiyambe tamvana pa mawu. Ndikati mutu ndikunena injini yokoka sitima, kaya ya malasha, ya dizilo kapena ya magetsi. Ndikati bogi ndikunena ngolo yokweramo anthu. Koma samalani mukamawerenga makatalogi: ku Britain mawu akuti bogie amatanthauza kachimango ka mawilo kokhala pansi pa ngoloyo, ndipo ku America kachimango komweko amakatcha truck. Muno ndizikatchula kuti kachimango ka mawilo.

Cholakwa cha anthu ambiri n'kuyambira pa penti. Bogi yofiira, mutu wofiira, basi zatha. Penti ibwere pamapeto. Tsatani ndondomeko iyi, ndipo musalumphe nambala 5.

1. Onani sikelo, kenako geji

Sikelo ikunena kuchepa kwa kasitima poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Geji ndi mpata wa pakati pa njanji ziwiri. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo msampha uli pomwepo. Masikelo amatchulidwa ndi zilembo: HO ndi 1:87, OO ya ku Britain ndi 1:76, koma zonse zimayenda pa njanji ya mamilimita 16.5. Bogi ya OO ikhala bwinobwino pa njanji ya mutu wa HO, iyendanso, koma maso akuuzani kuti china chalakwika, chifukwa ziwirizo sizinachepetsedwe mofanana. Pa N nkhani ndi yomweyo: njanji ndi ya mamilimita 9, koma ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya sikelo ndi 1:160, ku Britain 1:148, ndipo timasitima tambiri ta ku Japan ndi 1:150. O nayo ili patatu: 1:48 ku America, 1:43.5 ku Britain, 1:45 mbali zina za ku Ulaya. Werengani pabokosi. Ngati bokosi palibe, yerekezani kutalika kwa chitseko cha bogi ndi chitseko cha kabu ya dalaivala.

2. Fufuzani magetsi

Mwina mukuti bogi ilibe mota, ndiye magetsi akuikhudza bwanji? Akuikhudza kudzera m'mawilo. Pa njanji ziwiri za DC, njanji imodzi imabweretsa magetsi, inayo imawabweza, choncho wilo la kumanzere ndi la kumanja zimalekanitsidwa ndi kapulasitiki. Njanji ya HO ya kampani ya Märklin imapereka magetsi a AC pa timinga ta pakati pa njanji, ndipo njanji ziwiri za m'mbali zili mbali imodzi ya magetsi, kotero mawilo ake salekanitsidwa. Mukaika bogi yotero pa njanji ya DC, pompo magetsi achita shoti, chilichonse chiima. Mankhwala ake ndi osavuta: sinthani mawilo, amagulitsidwa paokha. Pa O chenjerani chimodzimodzi ndi mabogi opangidwira njanji zitatu, monga a Lionel.

Ngati bogi ndi yakale ndipo ili ndi nyali za mababu, samalani pa DCC, njira yoyendetsera timasitima ndi zizindikiro za dijito, pomwe njanji imakhala ndi magetsi athunthu nthawi zonse ngakhale sitima itaima. Ine ndinasiya bogi yodyeramo pasiteshoni madzulo onse, ndipo pobwera ndinapeza denga lake litabenda ndi kutentha. Ikani ma LED, kapena chotsani mababuwo.

3. Sankhani kampani ya njanji imodzi ndi chaka chimodzi

Chaka chenicheni, musangoti "nthawi ya malasha", chifukwa nthawiyo inatenga zaka zoposa 100. Lembani papepala, mwachitsanzo British Railways 1958, kapena Santa Fe 1952, kapena Deutsche Bundesbahn 1972. Chilichonse chomwe mugule chiyankhe funso limodzi: kodi ichi chinalipo, chili ndi penti imeneyi, pa njanji imeneyi, chaka chimenecho?

Opanga a ku Ulaya amathandiza polemba nyengo pabokosi ndi manambala achiroma, kuyambira I mpaka VI. Kwa sitima za ku Germany, III imayambira nkhondo yachiwiri itatha kufika cha m'ma 1970, IV imafika cha m'ma 1990. Opanga a ku Britain ali ndi manambala awoawo a nyengo, ndipo sagwirizana kwenikweni ndi a ku Germany, ndiye musawasakanize.

Nyengo imodzi ndi yaitali, choncho phunzirani kuwerenga bogi yokha. Nambala 3 pachitseko ikukuuzani kuti bogiyo ndi ya chisanafike chaka cha 1956, pomwe kalasi yachitatu inathetsedwa ku Britain ndi mayiko ambiri a ku Ulaya. Ku West Germany manambala a mitu anasintha mu 1968: V 200 inakhala 220, E 03 inakhala 103. Mutu ndi womwewo, koma nambalayo yatchula zaka. DB (Deutsche Bundesbahn) ndi DR (Deutsche Reichsbahn) musaziyese chinthu chimodzi. DB inali ya kumadzulo kuyambira 1949, pomwe dzina la DR linapitirira ku East Germany mpaka ziwirizo zitaphatikizana mu 1994. Ku Britain, mabogi a British Railways a mtundu wa Mk1 anayamba mu 1951 ali ofiira ndi kirimu, mu 1956 anayamba kupakidwa kufiira kodera, ndipo buluu ndi kotuwa zinabwera pakati pa zaka za m'ma 1960. Chilembo choyambirira pa nambala ya bogi, monga E, M, W, S kapena SC, chikunena chigawo chomwe bogiyo inali yake. Mitu ya malasha ya British Railways inasiya ntchito mu Ogasiti 1968, choncho mabogi a buluu kumbuyo kwa mutu wa malasha n'zotheka, koma pa zaka zochepa zomalizazo basi.

Lamulo lothandiza ndi ili: bogi yakale kumbuyo kwa mutu watsopano si zachilendo, pakuti mabogi ankakhala zaka 30 kapena kuposa ali pantchito. Chovuta ndi mutu umene unadulidwa kale kukhala zitsulo bogiyo isanapangidwe.

4. Funsani kuti mutuwo unkagwira ntchito yanji

Pa mitu ya malasha yang'anani mawilo oyendetsa. Akuluakulu ndi a liwiro, ang'onoang'ono ambiri ndi a mphamvu. Mallard, yomwe inathamanga mamailosi 126 pa ola mu 1938, ili ndi mawilo a mafiti 6 ndi mainchesi 8. BR 01 ya ku Germany ili ndi a mamita 2, pomwe BR 44 yokoka katundu ili ndi a mamita 1.4. Manambala ngati 4-6-2 amawerenga mawilo otsogolera, oyendetsa ndi otsalira. 4-6-2 ndi 4-6-0 kawirikawiri ndi ya anthu, 2-8-0 ndi 2-10-0 ya katundu. Kamutu ka 0-6-0 kokankha ngolo pasiteshoni sikangatsogolere mabogi khumi apamwamba a Pullman, koma kamaoneka bwino ndi timabogi tiwiri takale ta njanji ya kumudzi.

Ndati kawirikawiri. Mitu ya 9F, ya 2-10-0, inapangidwira katundu, koma inkakoka sitima za anthu opita kokapuma pa njanji ya Somerset and Dorset nthawi yotentha. Zopatuka zotere zilipo, koma muziyamba mwadziwa lamulo lake.

5. Kodi mutuwo ukanatha kutenthetsa mabogi ndi kuwagwirira mabuleki?

Pano ndi pomwe malangizo ambiri amadutsa osanena kanthu, chonsecho ndi pomwe pamasiyanitsa sitima yokhulupirika ndi mndandanda chabe wa zidole. Mutu wa sitima ya anthu ntchito yake siithera pa kukoka. Umatumiza kutentha m'mabogi, nthawi zina magetsi a nyali ndi a makina oziziritsa mpweya, ndiponso ndi umene umalamulira mabuleki a sitima yonse. Ngati mutu ndi mabogi sizikumvana pa zinthu zimenezi, sitimayo sikanachoka pasiteshoni, ngakhale penti ndi chaka zitagwirizana.

Tiyambe ndi kutentha. Mutu wa malasha unkapereka nthunzi yochokera m'boila yake, nthunziyo n'kumadutsa m'paipi pansi pa bogi iliyonse. Dizilo itabwera, mabogi anali akadali omwe aja ofuna nthunzi, ndiye mitu ya dizilo ya anthu anaiikira kaboila kakang'ono mkati. N'chifukwa chake ku America kuli F7 ndi FP7. Poziona mwachangu n'zofanana, koma FP7 ndi yotalikirapo ndi mafiti 4 kuti mupezeke malo a madzi a kaboilako. Pakasitima kanu yang'anani padenga cha kumbuyo: ngati pali kachumuni ndi kotulutsira mpweya ka boila, mutuwo ndi wa anthu. Santa Fe inachita mwina. Inkaika boila m'mitu ya B, ija yopanda kabu ya dalaivala, kotero F7 imodzi ya mphuno yofiira ikukoka sitima ya Super Chief payokha ndiye kuti okwera akunjenjemera ndi chisanu. Gulani mutu wa A, uja wa kabu, ndi wa B pamodzi.

Kenako kunabwera mabogi ofuna magetsi ochokera ku mutu. Amtrak, kampani ya sitima za anthu ku America, inayamba ntchito pa 1 Meyi 1971 ndi mabogi akale a nthunzi otengedwa ku makampani osiyanasiyana. Mabogi a Amfleet anabwera mu 1975, a Superliner mu 1979, ndipo onsewa amadalira magetsi a mavoti 480 ochokera kutsogolo. Mutu wodziwika nawo ndi F40PH, womwe unayamba mu 1976. Mutu wa kaboila kokha sungawapatse kanthu mabogi amenewa, pokhapokha pakati pakhale ngolo ya jenereta. Ngolo imeneyo ndi njira yanu yopulumukira ngati munagula kale zinthu zosagwirizana, ndipo njanji zenizeni zinkachita zomwezo.

Ku Britain nkhaniyi imaonekera pa nambala ya mutu. Tengani Class 47. Itapatsidwa manambala atsopano m'zaka za m'ma 1970, ya 47/0 inali ya nthunzi, ya 47/3 inalibe chotenthetsera chilichonse chifukwa inali ya katundu, ya 47/4 inali ya magetsi. Mabogi a Mk2 a mazenera osatseguka, oziziritsidwa ndi makina, omwe anayamba mu 1971, amafuna magetsi. Ndiye mutu wolembedwa 47 3 kutsogolo kwa mabogi amenewa ndi cholakwa chomwe wodziwa achiona asanakhale pansi. Pa kasitima, chizindikiro cha mutu wopereka magetsi ndi chingwe chokhuthala ndi soketi yake pafupi ndi mabafa, zitsulo ziwiri za kumapeto zomwe zimakhudzana ndi za bogi.

Tsopano mabuleki. Pali mitundu iwiri yomwe imasokoneza osonkhanitsa za ku Britain. Mabuleki a vakyumu amamasuka mpweya ukayamwidwa m'paipi, a mpweya amamasuka mpweya ukapoperedwamo. Sizingalumikizane. Mitu yambiri ya malasha ya British Railways inali ya vakyumu, monganso ma Mk1 ambiri pomwe ankapangidwa. Ma Mk2 opangidwa pambuyo pa oyambirira aja, komanso ma Mk3, ndi a mpweya. Mitu ina ya dizilo inali ndi mitundu yonse iwiri, ndipo mumaidziwa ndi kuchuluka kwa mapaipi kutsogolo kwake. Ku America ndi ku Germany palibe vuto pa mfundo iyi, pakuti mabuleki a mpweya anakhazikika kalekale.

Chinanso: mabogi ena sanapangidwire mutu wamba n'komwe. Ma Mk3 a InterCity 125 alibe mabafa ndipo magetsi ake ndi a mtundu wina. Amayenda pakati pa mitu yake iwiri yosongoka. Pali ma Mk3 ena okokedwa ndi mutu wamba, okhala ndi mabafa, ndipo m'sitolo mabokosi awiriwa amaoneka ngati amodzi. Yang'anani kumapeto kwa bogi musanalipire.

Kodi pali pothawira? Alipo: nyengo yotentha. Mitu ya Class 20 inalibe chotenthetsera, koma iwiriiwiri inkakoka sitima za anthu opita kunyanja ku Skegness m'miyezi yotentha. Ngati pa tebulo lanu mitengo ili ndi masamba obiriwira, mutu wa katundu wokoka mabogi akale a mazenera otseguka ungakhululukidwe. Mukawaza chipale chofewa, chifukwa chimenecho chatha.

6. Yesani kutalika kwa mabogi ndi makhona anu

Bogi ya ku America ya mafiti 85 imakhala pafupifupi masentimita 30 pa HO. Ya ku Ulaya ya mamita 26.4 imakhala mamilimita 303. Njanji zobwera m'bokosi la oyamba kumene zimakhota kwambiri: rediyasi ya mainchesi 18 ku America, mamilimita 360 pa R1 ya Märklin, 371 pa khona loyamba la Hornby. Pamakhona otere bogi yaitali imalendewera mkati, mapeto ake amatulukira kunja, imagunda pulatifomu kapena sitima ya pa njanji inzake. Kwa mabogi a mafiti 85 ndimalangiza mainchesi 24 kupita m'mwamba, ndipo pa 30 mpamene amayamba kuoneka bwino.

Opanga anadziwa vutoli n'kupanga mabogi ofupikitsidwa dala. Bogi ya mamita 26.4 yomwe ija muipeza ya mamilimita 264, yomwe m'litali ndi 1:100, kapena 282, yomwe ndi 1:93.5. Palibe cholakwa ndi mabogi afupi. Ine ndimawakonda pa tebulo laling'ono. Cholakwa n'kuwasakaniza m'sitima imodzi, chifukwa mazenera a ina amaoneka opanikizana pambali pa inzake. Pa O ya njanji zitatu kumbukirani kuti O-31 kapena O-72 ikunena mainchesi a bwalo lonse modutsa pakati, osati rediyasi. Mutu nawo uli ndi khona lake lochepetsetsa, lolembedwa pabokosi. Tsatani chachikulu pa ziwirizo.

Pomwe njanji ikukhotera kumanzere kenako kumanja, ikani pakati njanji yowongoka yotalika ngati bogi yanu yaitali kwambiri. Mukapanda kutero mabafa amakolana.

7. Zolumikizira

Mitundu yake ndi yambiri: ya mbedza ndi kachitsulo kopingasa ya ku Britain, ya chibakera ya Kadee, yakale ya pulasitiki ya ku America yotchedwa horn-hook, Rapido pa N, ndi zolumikiza moyandikana za Roco, Fleischmann ndi Märklin. Tembenuzani bogi. Ngati pali kathumba kolowetsamo cholumikizira kotchedwa NEM 362, mwapulumuka: mumangosolola cholumikizira n'kulowetsa china, ndipo Kadee ili ndi manambala 17 mpaka 20 a kathumba kameneko.

Ngati zinthu zanu n'zakale ndipo simukufuna kuzidula, pangani bogi ya mkhalapakati. Tengani bogi yotsika mtengo yonyamula katundu wa okwera, mbali imodzi muike cholumikizira cha mutu, mbali inayo cha mabogi. Imakhala kumbuyo kwa mutu, pomwenso ndi malo ake enieni.

Zinthu ziwiri zimagwetsa sitima pano. Choyamba ndi msinkhu: zolumikizira ziwiri zikasiyana ngakhale pang'ono, sitima iduka poyambira chitunda. Gulani kachipangizo koyezera msinkhu. Chachiwiri ndi pomwe cholumikizira chamangiriridwa. China chili pa kachimango ka mawilo ndipo chimatsata khona, china chili pa thupi la bogi ndipo chimatayikira kunja. Zikakumana pa khona lothina zimakokana cham'mbali, makamaka sitima ikamabwerera m'mbuyo.

8. Mawilo, kulemera ndi mphamvu yokoka

Mabogi akale ambiri ali ndi mawilo a milomo yakuya. Pa njanji ya Code 100 (nambalayi ikunena msinkhu wa chitsulo cha njanji) amayenda, koma pa njanji zopyapyala ngati Code 75 milomoyo imagunda timitanda, mumamva kuti gugudugugudu. Sinthani mawilo kapena khalani pa Code 100.

Pa kulemera, bungwe la okonda timasitima ku America la NMRA limalangiza kuti bogi ya HO ikhale ya aunsi imodzi, kuwonjezapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya kutalika kwake. Bogi ya mainchesi 12 ndiye ikhala maaunsi 7, pafupifupi magalamu 200. Khumi otero ndi makilogalamu 2. Chofunika kwambiri n'chakuti mabogi a sitima imodzi asasiyane kwambiri. Yopepuka ikakhala pakati pa zolemera imagwera mkati mwa khona.

Ndiye yesani. Lumikizani mabogi awiri, zungulirani njanji yonse pang'onopang'ono, onjezani imodziimodzi mpaka mawilo a mutu ayambe kuterereka pamalo ovuta kwambiri, omwe nthawi zambiri ndi khona la pachitunda. Chotsani imodzi kapena ziwiri, ndiye malire anu amenewo. Chitunda chisapitirire 2 peresenti, kutanthauza kukwera masentimita 2 pa mita imodzi. Mabogi a nyali amalemera kukoka chifukwa cha timawaya tokhudza mawilo. Ndipo mutu ukaima mawilo osazungulira magetsi ali oyaka, zimitsani msanga, mota ikupsa.

9. Ndandalikani mabogi, kenako onani penti

Pa sitima ya ku America, kumbuyo kwa mutu kumabwera ngolo za makalata ndi katundu, kenako zokhala pamipando, yodyeramo pakati, zogonamo, ndipo yoonera malo imatseka kumchira. Ku Britain sitima iliyonse ya mabogi okokedwa inkafuna bogi yokhala ndi chipinda cha gadi, kawirikawiri kumapeto. Anthu amagula yodyeramo ndi za kalasi yoyamba chifukwa n'zokongola, n'kuiwala kuti sitima zambiri zinali za mabogi wamba. Ngati muli ndi malo a mabogi anayi okha, ndibwino kupanga sitima ya pafupi yokhulupirika kusiyana ndi kudula sitima yotchuka n'kutsala chitsa.

Tsopano penti. Sitima zina zinkapakidwa ngati chinthu chimodzi, monga Daylight ya Southern Pacific ndi mutu wake wa GS-4 wofiira, wa olenji ndi wakuda, kapena TEE (Trans Europ Express) ya ku Germany yofiira ndi kirimu kumbuyo kwa mutu wa 103. Pa zimenezi gulani kwa wopanga mmodzi ngati n'kotheka, pakuti kufiira kwa kampani ina sikufanana ndi kwa inzake, ndipo pansi pa nyali kusiyanako kumaonekera. Koma sitima zambiri sizinkafanana penti ndi mutu. Kampani ya LNER ya ku Britain inkakoka mabogi a matabwa a teak ndi mitu yobiriwira kapena ya buluu. California Zephyr, kuyambira 1949 mpaka 1970, inali ya mabogi asiliva opangidwa ndi kampani ya Budd koma mitu inkasinthana ya makampani atatu, Burlington, Rio Grande ndi Western Pacific, kotero mabogi amodzi akupatsani mitu itatu yolondola. Amtrak ya 1971 inali ya mawangamawanga, bogi iliyonse ndi penti ya komwe inachokera.

Chilichonse chomwe mwachotsa pa bogi kapena pa mutu, kaya mawilo, zolumikizira, mababu kapena tizomangira, ikani m'kathumba, lembanipo nambala ya katalogi, ndipo kathumbako kakhale m'bokosi la chinthucho. Tsiku lomwe mudzafune kusinthanitsa kapena kugulitsa, wogula adzafunsa zimenezo asanafunse n'komwe ngati kasitimako kamayenda.